Fumbi la ku Shedi ya Mchenga

Lolemba, 6 Meyi

Andigoneka. Ndinabwera kuti andipatse mankhwala a chifuwa ndibwerere kunyumba, koma adokotala atandipana chala ndi kachipangizo koyezera mpweya m'magazi anayamba kulankhula ndi akazi anga, osati ine. Dokotala akamalankhula ndi mkazi wako iwe uli pomwepo, ungodziwa kuti lero sugona kwanu.

Ndili mu wodi ya amuna, bedi la pafupi ndi zenera. M'mphuno andilowetsa timapayipi ta mpweya, kudzanja diripi. Mwana wanga wamkazi wandigulira kope ili kuti ndizilembamo zimene adokotala akunena, poti amati ine ndikamamva zinthu ndimangotola zondikomera. Ndilemba zimenezo, ndi zanga zomwe.

Akazi anga asanakhale pansi apukuta kakabati, zitsulo za bedi ndi mpando umene. Kunyumba timawatcha Mayi Sopo, ndipo dzinali sakwiya nalo. Pakhomo pa wodi pali sinki. Asamba m'manja polowa, asambanso potuluka, ngakhale sanakhudze kanthu. Ine ndawapempha chinthu chimodzi chokha: chipinda cha sitima chikhale chotseka mpaka ndidzabwere.

Lachiwiri, 7 Meyi

Atenga magazi ndi makhololo. Jakisoni m'mawa ndi madzulo, ndiye kufukiza mankhwala ndi kamasiki kotulutsa nthunzi.

Kumanzere kwanga kwagona bambo wina wonenepa, miyendo yotupa ngati mitsamiro. Anali woyendetsa basi, ndiye wodi yonse imawatcha Adalaivala. Atangomva kuti ndinali wopenta mabogi a sitima, pomwepo ndasanduka Apenta. Dzulo anamva zimene ndinawauza akazi anga, choncho lero afunsa ngati n'zoona kuti ndili ndi sitima m'nyumba. Ndati eya, ziwiri. Aseka mpaka kutsamwa.

Ndawafotokozera. M'chipinda chimene munkagona mwana wathu asanakwatiwe muli tebulo lalikulu, kuchoka kukhoma ili kufika kukhoma linalo. Pamenepo ndamangapo fakitale yokonza mabogi imene ndinagwirako ntchito moyo wanga wonse: njanji zake, kireni yonyamulira zitsulo, chumuni, geti, mashedi, zonse zazing'onozing'ono, kabogi kalikonse kutalika ngati chikhatho. Tisitima timayenda ndi magetsi. Fakitale yeniyeniyo anaigwetsa kalekale, pamalopo pano amagulitsapo magalimoto akale. Yatsala ndi ya patebulo panga basi.

"Ndiye bambo wamkulu ngati inu, ndevu zili mbuu, mumaseweretsa zidole?" atero Adalaivala.

"Zidole zangazo sizinagwerepo m'ngalande ndi anthu."

"Asisitala, achepetsereni mpweya awa," afuula. "Wawachulukira pakamwa."

Ndikuona kuti tigwirizana.

Lachitatu, 8 Meyi

Andijambula m'chifuwa. Masana adokotala, mayi wachitsikana wa magalasi amene amalankhula motsitsa ngati akuopa kudzutsa mwana, abwera ndi chithunzicho n'kuchiimika pazenera. Akuti si chifuwa chachikulu. Chimene chilipo ndi zipsera m'mapapo onse awiri, ndipo pamwamba pa zipserazo pakwera chibayo. Chibayocho angathe kulimbana nacho. Zipserazo ayi.

Andifunsa ntchito imene ndinkagwira. Ndati kupenta. Afunsa kuti tisanapente tinkatani. Apo ndiye tafika pa shedi ya mchenga. Bogi likabwera litadyeka ndi dzimbiri, tinkalilowetsa m'shedimo n'kulipopera mchenga ndi payipi ya mphepo yamphamvu mpaka chitsulo chiyere. Mkatimo simunkaoneka munthu, fumbi lokhalokha. Kumphuno tinkangomanga kansalu. Payipiyo tinkagwira awiri, ine ndi mng'ono wanga, ndipo iye anatsogola kale, akupuma mmene ndikupumira inemu.

Ndachiyang'anitsitsa chithunzicho. Timadontho toyera, tothinana kumtunda, tocheperachepera potsika. Ndawauza adokotala kuti amene anapenta zimenezi amaidziwa ntchito, kungoti dzanja linamulemera mbali ya kumanja. Sanaseke. Mayi Sopo atuluka kukatsuka kapu yoyera kale.

Lachinayi, 9 Meyi

Tsiku la m'chipatala limayamba tambala asanaganize. Kuyeza kutentha, kupana chala, jakisoni, tiyi wozizira ndi buledi. Kenaka mayi wokolopa, kenaka adokotala ndi ophunzira awo amene amandimvetsera pamsana mmodzimmodzi ngati ndine wailesi. Belu la alendo limalira masana, n'kuliranso powathamangitsa. Pakati pa zimenezi palibe china koma kupuma, ndipo kwa ine kupumako ndi ntchito yolembedwa.

Pakhoma, kumutu kwa bedi langa, penti wada mozungulira pamene mitu ya anthu yakhala ikutsamira. Ndaikapo mutu wanga, wakwana ndendende.

Lachisanu, 10 Meyi

Kutentha thupi kwatsika pang'ono. Kachipangizo ka pachala kakuonetsa 89, dzulo kanali pa 86. Adokotala akufuna 92.

Tsiku lonse ndayang'ana khoma la nyumba yochapira imene ili kuseri kwa zenera langa. Pali bawuti imodzi yogwira payipi ya madzi, ndipo pansi pake dzimbiri latsika mzere, lokhuthala pamwamba, lopyapyala kumunsi. Ntchito yabwino zedi. Ndawalozera Adalaivala, iwo akuti akungoona khoma lofunika kupenta.

Anthu ambiri ndi otero. Akabwera kunyumba amachita chidwi kuti tisitima tikuyenda, chonsecho kuyendetsa n'kosavuta, ndi waya ndi swichi basi. Ntchito yeniyeni ndi kukalambitsa. Kabogi kochokera m'sitolo kamabwera kali waliwali ngati switi, ndipo bogi lotero kulibe padziko lapansi. Ndiye umakhala pansi n'kukapatsa zaka zake. Dzimbiri ndimapanga ndekha: waya wokwechera mapoto ndimamuviika mu viniga mpaka asungunuke, ndikaumitsa pamatsala ufa wofiira. Za mwaye ndi fumbi ndimapala choko cha mitundu pa sandipepa. Umatapa pang'ono ndi kaburashi kouma, n'kumatsitsa kuchokera pa bawuti, kutsata njira ya mvula. Mwaye umakhala mbali imene mphepo imakankhira utsi, osati kuzungulira chumuni chonse. Oyilo ndi penti wakuda wosungunula ndi madzi, ndipo amadontha pakati pa njanji pamene injini imaima, osati pamene imathamanga. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Denga limodzi la malata linanditengera nyengo yonse ya mvula.

Adalaivala amvetsera mpaka kumapeto n'kunena kuti, "Ndiye kuti moyo wanu wonse ankakulipirani kuti muchotse dzimbiri, pano mukulibwezeretsa ulere?" Ndi zoona.

Ufa wonsewo sindinaumate. Anzanga a ntchitoyi amapopera vanishi pamwamba kuti ugwire, koma vanishi amadya mtundu, komanso fungo lake linkanditseka m'chifuwa. Ndinkati ndidzapopera kamodzi zonse zikadzatha. N'chifukwa chake chipindacho chimakhala chotseka, ukangokhudza ndi chala umachotsa ntchito ya sabata.

Chatsala n'chimodzi, shedi ya mchenga. Ndinaimanga, ndinaimika tianthu tiwiri pakhomo pake titagwira payipi, koma ikadali yoyera ngati yamangidwa dzulo. Ndikati ndiyambe ndimapeza china chochita. Tsopano ndikufuna ndipite kunyumba ndikaimalize ndi manja anga, fakitale yonse ikhale mmene tinaisiyira tsiku lotseka. Zina zonse adokotala atenge.

Lamulungu, 12 Meyi

Alendo ambiri. Wodi yonse ikununkhira malalanje, mazira owiritsa ndi mafuta odzola. Akazi a Adalaivala abweretsa nyama yopanda mchere monga mwa lamulo la adokotala. Adalaivala aidya ngati akulipira chindapusa, kenaka andinong'oneza kuti ndiziwabisira mchere m'kabati mwanga. Ndakana. Akuti sindine mnzawo.

Mayi Sopo abwera ndi mpunga, msuzi wa nkhuku ndi zovala zosita. Ndadya masipuni angapo. Adalaivala awafunsa ngati n'zoona kuti amuna awo amapanga litsiro dala.

"Musandiyambitse," atero. "Munthu ameneyu zaka zonse ankabwera kunyumba ali mbuu, maso okha. Ndinkati akadzapuma pa ntchito nanenso ndidzapuma. Ndiye wapita kukagula litsiro la m'sitolo."

"Si litsiro, mayi, ndi mbiri," ndatero ine.

"Mbiri yanuyo imandilowera m'makatani."

Wodi yaseka. Nanenso ndaseka mpaka chifuwa chandigwira, asisitala abwera kudzawonjezera mpweya. Mayi Sopo andisisita pamsana.

Lolemba, 13 Meyi

90. Ndadya nthochi yonse.

Adalaivala tulo tamasana tawathawa, ndiye andilamula kuti ndiwayendetse ndi mawu m'fakitale mwanga. Tinalowera pageti. Ndawaonetsa malata amene ndinapanga ndi pepala lonyezimira la m'paketi ya tiyi, kulikanikiza pa mano a chipeso. Ndawaonetsa galasi losweka la ofesi ya akapitawo, zitosi za nkhunda pa kireni, mulu wa matayala achitsulo umene udzu unamera pakati pake, ndi mchenga weniweni wosefa ndi sefa ya tiyi. Sefa imeneyo mlandu wake sunathebe kunyumba.

Titafika pa shedi ndawauza za mng'ono wanga. Anali munthu woimba mkati mwa phokoso, podziwa kuti palibe angamve kuipa kwa mawu ake. M'mawa uliwonse tisanayambe ntchito ankajambula ndi chala kankhope koseka pa fumbi la pachitseko, madzulo fumbi latsopano n'kukakwirira, mawa n'kujambulanso. Ndikufuna kankhope kameneko ndidzakalembe ndi nsonga ya singano. Koma kuti kalembeke, fumbilo liyambe lakhalapo.

Adalaivala akuti, "Kamalizeni, Apenta. Ndidzabwera kudzaona, mundikonzere malo oimikapo basi."

Lachiwiri, 14 Meyi

91. Diripi achotsa, jakisoni akupitirira. Ndayenda ndekha mpaka kubafa, ndikukoka silinda ya mpweya pa timatayala take ngati mbuzi yopita nayo kumsika.

Adokotala akuti zikapitirira chonchi sabata yamawa ndikhoza kutuluka, koma ndizikakhala pa makina a mpweya kunyumba. Atembenukira kwa akazi anga n'kunena motsindika kuti m'nyumbamo musakhale fumbi ngakhale pang'ono: makatani, kapeti, pamwamba pa makabati, paliponse pamene fumbi lingabisale. Apukute ndi nsalu yonyowa, osati kusesa. Mayi Sopo amangogwedeza mutu ngati msilikali. Adokotala sakudziwa amene akumuuza zimenezi.

Ine ndatolapo liwu limodzi lokha, kutuluka. Mwana wanga ananena zoona za makutu angawa. Madzulo onse ndakhala ndikusakaniza mitundu m'mutu. Fumbi la shedi ndiyamba ndi choko chakuda ndi choyera, lokhuthala m'munsi mwa chitseko, lopepuka chakudenga.

Lachinayi, 16 Meyi

Kutentha thupi kwabwereranso masana. 88. Atenganso makhololo. Adokotala akuti tisataye mtima msanga.

Mayi Sopo afika mochedwa, akuyenda atagwira m'chiuno, zala zitang'ambika ndi sopo. Achapa makatani onse, kapeti apereka kwa aneba, akwera pampando kupukuta pamwamba pa zitseko. Ndawakalipira kuti adzagwa, akanadikira mwana awathandize. Sanandibwezere mawu monga amachitira masiku onse. Asenda lalanje, andipatsa, maso ali pa makoko. Ndaganiza kuti atopa.

Loweruka, 18 Meyi

Ndilemba pang'onopang'ono.

Mwana wanga anabwera yekha, ali wosangalala, kuti andionetse pa foni mmene nyumba yakonzekera. Pabalaza pali mbee. Kuchipinda kwathu bedi alisunthira pafupi ndi soketi ya makina a mpweya. Akupitiriza kukankha zithunzi ndi chala, ndinaona chitseko cha chipinda cha sitima chili chotsegula.

"Bwerera," ndinatero. "Kulitsa pamenepo."

Chumuni chili psuu ngati njerwa zongotuluka mu uvuni. Malata akuwala. Mabogi ali pamzere, onse waliwali, manambala awo akuwerengeka. Pakati pa njanji palibe dontho. Kireni yabwerera chikasu chake cha m'sitolo. Zonse zimene ndinaika ndi kaburashi, zaka ndi zaka, zapita ndi nsalu yonyowa. Shedi ya mchenga siikusiyananso ndi zinzake.

"Amayi anatenga tsiku lonse, bambo, kanthu kalikonse pakokhapakokha, ndi kaburashi ka mano. Sanathyole ngakhale kamodzi." Anali akumwetulira. Ataona nkhope yanga kumwetulirako kunazima. "Bambo, kodi lija silinali fumbi?"

Kachipangizo ka pachala kanayamba kulira. Asisitala anathamangira kuno, anandichotsa timapayipi n'kundiveka masiki. Mwana wanga anaima pakona akulira ngati wamng'ono. Ndinafuna kumuuza kuti si iye wolakwa, koma mpweya wolankhulira panalibe.

Lamulungu, 19 Meyi

Abwera. Asamba m'manja, akhala pampando, atulutsa chakudya. Ine ndatembenukira kukhoma. Akhala mpaka belu, abweza chakudya m'chikwama, asamba m'manja, apita. Chikwatiranireni sitinakhalepo chete chotere.

Ndapsa mtima ndipo sindibisa. Mlendo akanalakwitsa ndikanamvetsa. Mwana sadziwa, ndikumumvetsa. Koma iwo andiona nditawerama patebulo paja kosawerengeka. Viniga amene ankandigulira okha.

Lolemba, 20 Meyi

87, ndili pa masiki. Asintha jakisoni, akuti tizilombo tapezeka m'makhololo sitikumva mankhwala oyamba aja. Za kutuluka palibe akuzitchula.

Adalaivala lero sanaseke. Miyendo yawo ikuchucha madzi, akulankhula modukizadukiza. Akuti, "Apenta, madzi akatayika saoleka. Koma mayi aja dzulo atuluka muno ngati achokera pamaliro. Inu mukadali moyo. Mukuwaphunzitsiranji umasiye nthawi isanakwane?"

Ndawauza kuti asamale za basi yawo. Akuti basi yawo yatsala pang'ono kufika pa depoti.

Lachitatu, 22 Meyi

Ananditenga pa njinga ya odwala kukaunika mtima. Pobwera ndinapeza bedi la kumanzere lili matiresi okhaokha, mayi wokolopa akuwapukuta ndi mankhwala. Akazi a Adalaivala anali akulongedza kapu, kawailesi ndi masilipasi. Pakabati panali kambale kovundikira. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Lero ndinathiramo mchere. Ndinati adyeko kamodzi." Ndinawagwira dzanja.

Palibenso wonditcha Apenta. Mayi Sopo abwera, aona bedilo, akhala pansi. Ndalandira tiyi m'manja mwawo. Sitinalankhule, koma ndamwa.

Lachinayi, 23 Meyi

Zotsatira zabwera. Mtima, mbali ya kumanja, watopa ndi kukankha magazi m'mapapo ouma. Awonjezera mapiritsi okodzetsa. Ndawafunsa adokotala mosazungulira ngati ndidzaonenso kunyumba. Avula magalasi, awapukuta ndi nsonga ya malaya, n'kuti, "Bambo, tiyeni tione sabata ino." Nanenso ndinkawauza choncho akapitawo bogi likakhala litadyeka mpaka pansi.

Pa bedi la Adalaivala agonekapo mkulu wina amene salankhula.

Loweruka, 25 Meyi

Lero talankhula. Ndilemba mmene ananenera.

Ndinayamba ndine. Ndinakweza masiki n'kufunsa kuti, "Mayi, munadziwa?"

Anapinda kansalu kamene kanali m'manja mwawo, n'kukapindanso. "Ndinadziwa."

"Nanga bwanji?"

"Ndinalowamo kuti ndipukute zenera ndi pansi basi. Tebulo lanu ndinalilambalala. Koma padenga la shedi yaikulu ija ndinaona fumbi, ndiye ndinati mwina ili ndi lenileni, ndingokhudza pang'ono. Nditayang'ana nsaluyo..." Anaima kaye. "Bambo, inu fumbi lija munkalionera kuntchito. Ine ndinkalionera m'beseni. Loweruka lililonse, ovolosi yanu ndi ya alamu anga asanakwatire, madzi kusintha, kusintha, osayera. Mitundu yanu ija itasakanikirana pansalu yonyowa inatuluka mtundu womwewo wa m'beseni. Ndi lomwe linatenga alamu anga. Ndi lomwe lakugonekani apa. Ndiye adokotala akuti lisapezeke m'nyumba, ine n'kulipeza lili patebulo, litayalidwa bwinobwino ngati maluwa. Dzanja linakana kuima. Ndinkapukuta ndikulira, ndikulitukwana. Dzuwa litapendeka ndi pamene ndinaona chimene ndachita."

Zaka zonsezi ndinkayesa kuti litsiro langa limangowanyansa monga zimawanyansira nsapato pabalaza. Sindinadziwe kuti amadana nalo ngati mmene umadanira ndi munthu. Ine ndikaliona fumbi lija ndimaona mng'ono wanga akuseka, mano okha akuoneka, ndimamva mphamvu zimene ndinali nazo m'mikono. Sindinafunsepo kuti iwo amaona chiyani.

"Koma mwaiona fakitale yanu mmene ikuonekera?" anatero akupukuta m'maso. "Ndi mmene inalili itangotsegulidwa, inu mutangoyamba ntchito, ine ndikubwera pageti ndi chakudya chanu. Chumuni chinali chofiira choncho. Munkabwera mukuthamanga kudzalandira."

Ndinali nditaiwala kuti chumuni chija chinayamba chafiirapo. Ndinali nditaiwalanso kuti ndinkathamanga.

Kenaka anati, "Ndiphunzitseni. Ndibwezeretsa ndekha zonse, ngakhale zinditengere zaka."

Lolemba, 27 Meyi

86. Abwera ndi kabogi kamodzi atakakulunga m'mpango, kaburashi, sandipepa, zidutswa za choko ndi kabotolo ka dzimbiri langa. Asisitala ataona agwira m'chiuno: fumbi mu wodi ya anthu a chifuwa? Tagwirizana kuti choko akapalire panja, ufawo aunyowetse ndi dontho la madzi pa sosala, ine masiki osachotsa. Asisitala akuti iwo sanaone kalikonse.

Ndimati ndiwaonetse kamodzi, koma kaburashi kamangovina m'zala zanga. Ndawapatsa. Poyamba apaka ngati akupaka batala pa buledi, mbali yonse psuu. Ndati ayi, chepetsani, dzimbiri silimera paliponse, limayambira pa bawuti ndi pamene penti wasupuka, n'kutsika ndi mvula. Apukuta, ayambiranso. Ndawauza kuti kupukutako ndiye safuna mphunzitsi. Andiyang'ana ndi diso lawo lija, kenaka aseka, koyamba chichitikireni zija.

Pofika pa fumbi ndati asakanize chakuda ndi choyera. Akana. "Silinali lotuwa chonchi. Linali ndi kufiira mkati, ndi kachikasu pang'ono." Ndatsutsa, ine ndi amene ndinali m'shedimo. Akuti m'shedimo ndinkatsinzina. Asakaniza mmene akudziwira, apaka m'mphepete mwa kabogiko, ndipo litauma ndamva fungo la shedi ija m'mphuno, masiki ali kumaso. Ndi lomwelo.

Koma ndawaonanso nkhope popakapo. Anali ataluma milomo ngati munthu womwa mankhwala owawa. Potuluka akhala pa sinki nthawi yaitali, akukwecha chala chimodzichimodzi.

Lachitatu, 29 Meyi

84. Miyendo yayamba kutupa. Chakudya chikukana. Akundipatsa mankhwala amadzi ochepetsa befu, amandigonetsa.

Adokotala aitanira akazi anga ndi mwana pakhonde. Ndawaona kudzera pagalasi la chitseko: adokotala akulankhula, mwana atagwira pakamwa, Mayi Sopo ataima nji. Pobwera andiuza kuti amakambirana za mapiritsi. Ndavomera.

Kunyumba sindipita. Shedi ija sindidzaigwira. Mantha alipo, pang'ono. Chisoni ndiye chandichulukira.

Lachisanu, 31 Meyi

Mayi Sopo amaliza kabogi. Dzimbiri latsika bwino pa mabawuti, fumbi lakhala m'makona mmene limakhalira. Mbali imodzi dzanja linalemera, koma mabogi enieni analinso otero. Akabweretsa pafupi ndi maso anga kuti ndione pachitseko pake. Alembapo ndi singano kankhope koseka. Sindinawatume. Akuti alamu awo ankakajambulanso pamsana pa ovolosi yanga, ine osadziwa, n'kuyenda nako mpaka kunyumba.

Kali pakabati, pafupi ndi kapu.

Afunsa kuti mawa abweretse chiyani, poti chumuni sichinyamulika, kapena ayambe shedi ya mchenga ine ndiziwauza pa foni ya mwana.

Ndakweza masiki. "Basi, mayi. Aka kakwana. Zinazo zisiyeni mmene mwaziyeretseramo."

"Shedi yanu ija?"

"Isiyeni. Anyamata awiri ali pakhomo aja asayambe ntchito."

Andikonzera mtsamiro, andigwira pachipumi ndi zala zothimbirira ndi choko, akhala choncho mpaka belu. Kenaka anyamula chikwama. Ndawatsatira ndi maso mpaka pakhomo. Afika pa sinki, aima, ayang'ana zala zawo. Afumbata dzanjalo, apitirira osasamba.